Kodi n'kulakwa kudyetsa galu mwana wa munthu ali ndi njala?

Funso limeneli ndinakumana nalo ku Makhanga, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo ku Nsanje, nditapita kukazonda azakhali anga namondwe wa Freddy atangodutsa mu 2023. Mpaka lero silinandichoke m'mutu, ndiye ndati ndikugawireniko, abale anga a m'tauni.

Kwa amene simudziwako, Makhanga ali kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Kale sitima inkadutsa pamenepo, koma madzi anadula njanji cha ku Chiromo mu 1997. Mu Januwale 2015 malowa anasanduka chilumba, thandizo n'kumafika pa helikopita ndi pa boti basi. Kenaka kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, n'kudzatsiriza Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 600 m'dziko muno. Nthawi zonsezi tinkawerenga anthu, nyumba, mbuzi ndi ng'ombe. Agalu sitinkawawerenga.

Tsiku lina madzulo ndinaona anthu anayi kuseri kwa nyumba yakugwa: mphunzitsi wopuma pa ntchito, mayi wogulitsa nsomba ndi anyamata awiri. Anali ndi chidebe cha phala la madeya losakaniza ndi mitu ya milamba. Mphunzitsiyo atangoimba likhweru, agalu anatulukira m'mabwinja, nthiti zili pamtunda zochita kuwerengeka. Azakhali anandikodola nati, "Mwanawe, taona misala iyi. Anthu tikugona ndi njala, iwo ali kalikiliki kuphikira mwanambwa." Kunena zoona, ndinavomereza. Ndani angatsutse mayi amene wataya nyumba ndi munda womwe?

M'mawa mwake ndinawafunsa aphunzitsiwo ngati sachita manyazi. Anandiyankha mofatsa kuti, "Bambo, agaluwa sanagwe kumwamba. Aliyense mukumuonayu anali ndi dzina." Mawu amenewo ndiwo anayamba kundisokoneza maganizo.

Timakonda kunena kuti "galu wopanda mwini", ngati anabadwa choncho. Koma galuyo ndi amene ankathamangitsa anyani m'munda, n'kumauwa usiku wonse eni ake ali mtulo. Tsiku la madzi bwato linabwera, mayi n'kukweza ana, galu n'kutsala pa chulu. Mayiyo sindimuweruza ayi, inenso ndikanatero. Komabe kusankha bwino sikufafaniza ngongole. Nyama imene tinaichotsa kutchire n'kuiphunzitsa kudalira nkute wathu siingabwererenso kukakhala nkhandwe chifukwa choti ife tasamukira kumtunda. Mwini atalephera pa zifukwa zomveka, udindo uja umagwera amene ali pafupi.

Wina anena kuti izi ndi nzeru za munthu wokhuta. Chabwino, tiyeni tikambe za mwana wa munthuyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi aliwonse amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala. Wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira katemera, koma tangoganizani ulendo umenewo msewu utaduka, bwato lili lolipira.

Akuluakulu mukukumbukira masiku a lamulo lomanga agalu, pamene wopezeka akuyendayenda ankaomberedwa. Chiwewe chinatha? Ayi. Ukapha agalu pamalo, ena amabwera kudzadya pa dzala lomwelo, ndipo otsalawo amaswana. Akatswiri amati chimene chimadula matendawa ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse, chaka ndi chaka. Bungwe la Mission Rabies linasonyeza kuti n'zotheka pamene linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha mu 2015. Tsono funso n'lakuti, galu wanjala, wozolowera kugendedwa, angamugwire ndani kuti abayidwe? Amagwidwa ndi yekhayo amene amabwera akamva likhweru. Choncho chidebe cha madeya chija chinkatetezanso adzukulu a azakhali anga, iwo osadziwa.

Koma ndikhala wabodza ndikanena kuti anthu anayiwo ankachita zimenezi chifukwa cha masamu a chiwewe. Mayi wa nsomba uja anangoti, "Achimwene, kagalu kankalira usiku wonse kuseri kwanga, ine tulo osabwera." Basi. Mzungu wina woganiza mozama, Jeremy Bentham, anatsutsa kale mu 1789 zoyeza nyama ndi nzeru kapena kulankhula; kwa iye chofunika chinali chakuti nyamayo imamva kuwawa. Mayiyu Bentham sanamumvepo, koma anafika pomwepo ali pamphasa pake. Ife timanyadira umunthu. Nanga umunthuwo ndi wa kwa okhawo amene angatithokoze ndi pakamwa?

Musaganize kuti ntchitoyi inali yokoma. Kagulu kotere kalibe ofesi, kalibe galimoto, kalibe buku la ku banki. Mabungwe odziwika osamalira nyama, monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, ali kutali, ndipo nawonso amadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino. Galu wamkazi akapanda kuchitidwa opaleshoni yotseka kubereka amaswa ana ambiri, mwina kawiri pa chaka, ndiye amene ukuwadyetsa amachuluka kuposa madeya ako. Anthu atamva za chifundo chawo, anayamba kudzawatayira tiana ta agalu pakhomo usiku. Ena ankawaseka, ena n'kumanong'onezana kuti munthu woitana agalu kukada ali ndi zina zimene akudziwa. Mnyamata mmodzi anatopa n'kupita kukafuna ganyu ku Nchalo.

Chovuta kwambiri chinadza mu 2024, mvula itavuta ndi El Niño, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Madeya aja, amene ndinkati ndi zotsala chabe, anasanduka chakudya cha anthu. Aphunzitsi ananditumizira uthenga kuti aleka kuphika phala lija. Zangotsala mitu ya nsomba ndi madzi otsukira mphika. Agalu angapo anafa. Ndikuganiza kuti anachita bwino kuleka. Mbale ikakhala imodzi, mwana ndiye woyamba, ndipo pamenepa azakhali ananena zoona. Pomwe ndimasiyana nawo ndi poganiza kuti mbale imakhala imodzi masiku onse. Nthawi zambiri amene timafuula kuti "thandizani anthu kaye" sitidyetsa galuyo, ndipo mwanayonso sitimudyetsa. Mawuwo amangokhala chobisalirapo. Aphunzitsi omwe ankanenedwa amisalawo ndi amenenso ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo kwaulere pamene makalasi anali odzaza matope.

Tsono ndibwere kwa inu ndi ine. Timagula kagalu m'mbali mwa msewu chifukwa ana akakonda, kapena poopa akuba. Kakakula timakamanga ndi tcheni padzuwa. Tikamasamuka lendi kuchoka ku Ndirande kupita ku Chilobwe, timangotseka geti n'kukasiya, popanda Ruo wotithamangitsa. Mayi wa pa bwato uja ali n'chonena. Ife tinena chiyani?

Sindikupempha munthu kuti alande mwana nsima n'kupatsa galu. Ndikungoti amene muli naye pakhomopo mum'bayitse katemera chaka chino, ndipo mukaona kuti simungathe kusamala ana ake, funsani a zachipatala cha ziweto za kutseka kubereka. Mukakumananso ndi munthu wonyamula chidebe madzulo, musafulumire kumuseka.

Azakhali anasamukira kumtunda, ndipo maganizo awo sanasinthe. Koma nditapitako komaliza ndinapeza kagalu kofiira katagona pakhonde pawo. Nditafunsa anati, "Si wanga ameneyo, amangobwera." Mbale yake inali pomwepo, yotsukatsuka.