Mbewu Sitidya: Za Mpamba ndi Ngongole za Achibale

Pafupifupi m'banja lililonse m'maparishi mwathu muli wina amene akulingalira zoyamba geni: mayi wofuna kukazinga mandasi, mnyamata amene watsiriza sukulu koma ntchito osaipeza, kapena bambo wopuma pantchito amene akuti atsegule okala pakhomo. Maganizo ameneŵa ndi abwino, pakuti mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Ngakhale m'buku la Ntchito za Atumwi timaŵerenga za Lidia, mayi wamalonda wogulitsa nsalu zofiirira, amene adalandira Paulo Woyera m'nyumba mwake ku Filipi.

Koma tsiku limene titsegula okala, amene amayambirira kufika kaŵirikaŵiri si alendo ai. Ndi amalume, alamu, ndi anansi amene timapemphera nawo kumphakati. "Tandipatsaniko shuga ndi sopo, ndidzapereka mwezi ukatha." Tsono funso lathu nali: kodi mkhristu akakaniza m'bale wake ngongole, wachimwira chikondi?

Tiyambe taŵerengera. Tiyerekeze kuti mayi wina wapikula katundu wa K9,000 woti agulitse K10,000. Phindu lake ndi K1,000 chabe. M'bale akatenga katunduyo osalipira, mayiyo ayenera kugulitsa katundu wotereyo kasanu ndi kanayi kuti angobwerera pamene adali. Ndipo ngakhale ngongoleyo ibwezedwe mochedwa, imabwera itachepa mphamvu. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu nikwera. Amene adakongoza thumba la shuga kusanachitike zimenezo, ndalama zimene adalandira pambuyo pake sizidathe kugula thumba lina.

Mlimi aliyense amadziŵa kusiyana kwa chimanga chodya ndi chimanga cha mbewu. Ngakhale njala ivute m'mwezi wa Okutobala, mbewu imakhalabe pamalo pake kudikira mvula, ndipo palibe amene amamunena mlimiyo kuti ndi woumira. Mpamba wa geni ndi mbewu yomweyo. Kaŵirikaŵiri sukhala wathu wokha: mwina tidaukongola ku banki m'khonde, kumene amayi anzathu adasonkha movutikira, mwina tidagulitsa mbuzi ya banja lonse. Kuugaŵa chifukwa choopa kunenedwa ndiko kupatsa ndi dzanja la eni ake.

Mpingo sudakhale chete pa zimenezi. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti munthu salamulidwa kugaŵa zimene zikufunika pa moyo wake ndi wa banja lake, koma kuti zofunikazo zikakwana, kuthandiza osoŵa ndi zotsalazo ndi udindo. Patapita zaka 100, mu 1991, Papa Yohane Paulo II mu Centesimus Annus adavomereza kuti phindu ndi chizindikiro choyenera chakuti ntchito ya malonda ikuyenda bwino, nachenjezanso kuti malonda alipo chifukwa cha anthu, osati phindu lokha.

Chenjezo limenelo tisalilambalale, chifukwa mau akuti "mpamba" angathe kusanduka chobisaliramo cha mtima wouma. Alipo ena amene geni yawo idakula kalekale, nyumba ya malata adamanga, koma mayi wawo wokalamba akapempha mchere amayankhidwa kuti ndalama zili m'katundu. Amenewo sakusunga mbewu. Akutseka nkhokwe yodzaza. Komanso mwana wa mlongo wathu akadwala usiku ndipo pakufunika ndalama zomutengera kuchipatala, pamenepo moyo upambana mpamba, ndipo kope la maŵerengero liyambe ladikira.

Nanga tichite bwanji? Ife tikuona kuti ndi bwino kulekanitsa mphatso ndi ngongole. Mwezi ukatha tiŵerengere phindu, tipatulepo gawo la achibale ndi amphaŵi, ndipo chimene tapereka tipereke ndithu, osayembekeza kuti chibwerera. Ngongole ya pachibale yosabwezedwa imabala zambiri: wokongola amayamba kuzemba njira, wokongoza amasunga mangaŵa mumtima, ndipo aŵiriwo Lamulungu amachita manyazi kupatsana moni wa mtendere. Kapu ya shuga yoperekedwa ndi mtima wonse siidanitsa anthu chotero.

Mau otsiriza apite kwa ife amene tili achibale a woyamba geni, popeza ambirife tili mbali imeneyo. Ngati timkondadi, tikhale oyamba kugula ndi kulipira pompo. Okala ya mwana wathu ikalimba, ndi yomweyo imene maŵa idzalipirira adzukulu athu sukulu ndi kutigulira mankhwala tikakalamba. Tikaidya ikadali mbewu, chaka chamaŵa tonse tidzakhala opempha.