Musapinde Pepala la Magazi Musanafunse

Ana anga a ku Feira, a kwa Mphuka ndi a kwa Mburuma, tcherani khutu. Mukapimitsa magazi ku Katondwe kapena ku boma, lekani kupinda pepala n'kuliponya m'thumba lonunkha nsomba. Pepalalo likukamba za moyo wanu. Funsani anamwino musanatuluke pakhomo. Safunsa anadya phula.

Mumati mawu ake ndi ovuta. Umenewo ndi ulesi! Mawu a kuchipatala ndi olukidwa ngati mphasa: mukamasula chingwe, bango limaoneka limodzilimodzi. Ambiri anachokera ku Chigiriki. Leukos ndi choyera, kytos ndi kachotengera, ndiye leukocyte ndi selo loyera la m'magazi, aja timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Penia ndi umphawi, choncho mukamva leukopenia dziwani kuti asilikali aperewera. Haima ndi magazi, ndipo dzina loti leukaemia analipereka dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, mu 1847 ataona magazi a wodwala atayererako chifukwa maselo oyera anachuluka mosalongosoka.

Sungani nambala izi pamtima monga mumasungira za foni. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kochepetsetsa kotchedwa maikulolita. Akakwera, nthawi zambiri thupi lili pankhondo ndi tizilombo. Akatsika kwambiri, ngakhale kachilonda ka mbedza kangakugonekeni. Inu amene mukumwa ma ARV, musalumphe tsiku chifukwa choti bwato lakutengerani ku Zumbo kapena ku Kanyemba. Maselo oyera otchedwa CD4 akatsika pansi pa 200, matenda amalowa osaodira.

Mwana akayezuka, nkhama zikamatuluka magazi, thupi likamangotentha pomwe malungo sanapezeke, musayambe n'kuloza agogo chala. Bwererani kuchipatala. Akakutumizani ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, pitani, ngakhale ulendo wodzera pa mlatho wa Luangwa ndi wautali ndiponso wodula.

Chimene chimandisowetsa tulo n'choti mukuthawa sayansi kusukulu n'kuthamangira maukonde. Nsomba sindikuzinyoza ayi, ndi zimene zatilera tonse. Koma mawa adzayang'ana magazi athu pa maikulosikopu ndani, n'kutiuza zotsatira m'Chikunda kapena m'Chinsenga? Bwererani m'kalasi, ana anga, mukakhale pa benchi yakutsogolo.