Kodi penti anganame?

Mlungu uno tikambirana za choonadi, koma tiyambira kugalaja.

Ambirife tinakula tikuiona njinga yamoto ya Yamaha DT 125. Inali yaitali, ya mpando wopapatiza, ndipo mudigadi wakutsogolo ankakhala m'mwamba, kutali ndi tayala, kuti matope asaunjikane n'kugwira gudumu. Alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe ankafika nayo kumidzi komwe galimoto inkalephera nthawi ya dzinja. Tisanaione tinkayamba tamva kulira kwake, kenaka n'kuona kautsi kabuluu kakutsatira m'mbuyo. Banja la njinga zimenezi linayamba ndi DT-1, ya injini ya 250cc, yomwe kampani ya Yamaha ya ku Japan inaionetsa ku Tokyo mu 1967 n'kuyamba kuigulitsa mu 1968. Anaipanga kuti ikhale yopepuka, yotha kuyenda pamsewu wa phula komanso m'njira za miyala ndi fumbi. Za 125cc zinabwera pambuyo pake, ndipo zambiri mwa izo zili ndi gudumu lakutsogolo la mainchesi 21 ndi lakumbuyo la 18, chifukwa gudumu lalikulu silititimira msanga m'dzenje.

Lero zambiri mwa njinga zimenezi zili gone kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Tiyerekeze kuti ife tapeza imodzi yomwe yakhala zaka 15 osalira. Tasonkherana ndalama, taigula motchipa, ndipo tikufuna kuidzutsa kuti tidzaigulitse. Ndalama zotsala n'zochepa. Zingakwanire ntchito imodzi yokha mwa ziwiri: kukonza zooneka kapena kukonza zobisika. Funso lathu lagona pamenepo.

Zomwe maso amaona ndi zomwe saona

Zooneka sizivuta. Tikwecha thanki ndi sandipepa, tiipopera penti, tivundikira mpando ndi chikopa chatsopano, timata zilembo za Yamaha m'mbali. Pamasiku atatu okha anthu odutsa ayamba kuima n'kumafunsa mtengo.

Zobisika ndizo zimadya nthawi ndi ndalama. Injini ya DT ndi ya mtundu womwe amakaniko amati two-stroke: oyilo wofewetsa pisitoni amapsera limodzi ndi petulo, n'chifukwa chake imatulutsa utsi uja. Oyiloyo amakhala m'kathanki kakekake, ndipo kapampu kotchedwa Autolube ndiko kamamutumiza mu injini mwa muyezo. Kapampuko kakafa, kapena mpweya ukalowa m'kapaipi kake, injini imalirabe bwinobwino kwa kanthawi, kenaka pisitoni imatentha n'kumatirira. Izi zikachitika njinga ili pa liwiro, gudumu lakumbuyo likhoza kuima mwadzidzidzi wokwera asanagwire n'komwe kilatchi.

Palinso timalabala totseka mbali zonse ziwiri za shafiti yaikulu ya injini. Tikakalamba timauma n'kuyamba kulowetsa mpweya wosafunika, ndipo injini imatentha mopitirira. M'kati mwa thanki dzimbiri limasanduka ufa womwe umakatseka timabowo ta kabuleta. Silinda ikaperesedwa imafunika kuiboolanso pamakina n'kuikamo pisitoni yokulirapo pang'ono, kawirikawiri ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50. Mabuleki a njinga zakale zimenezi ndi a ng'oma, ndipo kachikopa kogwira gudumu kamamatidwa pachitsulo. Chinyezi cha zaka zambiri chimatha kukamatula, kenaka kakapanikizika m'kati gudumu limakana kuzungulira. Tayala likhoza kukhala ndi mano onse koma labala wake atafa kalekale. Msinkhu wake umalembedwa m'mbali: manambala anayi omaliza pamzere woyamba ndi DOT amanena mlungu ndi chaka, moti 2309 ndiye kuti mlungu wa 23 wa chaka cha 2009. Akakhala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000.

Choopsa kwambiri ndi fulemu. Njinga yomwe yadumpha migula kwa zaka zambiri imatha kuchita mng'alu pafupi ndi khosi la chiwongolero kapena pomwe pamangidwa zopondera. Mng'aluwo umakhala wochepa ngati tsitsi. Penti akapita kawiri, ngakhale makaniko wodziwa sangauone.

Palibe bodza lomwe tanena

Tsopano timve mawu omwe amabwera m'mitima mwathu, chifukwa si opanda nzeru. Amati: ife sitinama. Tikapenta njinga n'kuiika pamsika, pakamwa pathu sipatuluka liwu lakuti fulemu ndi yabwino. Wogula ali ndi maso, ali ndi ufulu wobwera ndi makaniko wake. Aliyense amadziwa kuti chinthu chakale chimakhala ndi matenda ake. Ndiponso ana athu akudikira fizi, pomwe wogulayo mwina ndi wopeza bwino kuposa ife.

Tiyeni tiwayese mawu amenewa pofunsa chomwe pentiyo tamupakira. Ngati tapaka kuti chitsulo chisachite dzimbiri, titatha kuwotcherera mng'alu uja, penti akugwira ntchito yake yoteteza. Ngati tapaka kuti wogula asaone zomwe ife taona, ndiye kuti penti tamutuma kukanena zomwe pakamwa pathu pakuopa kunena. Uthenga womwe wafika kwa wogula ndi womwewo: njinga iyi ndi yabwino. Iye waukhulupirira, ife tikudziwa kuti si woona, ndipo tinakonza dala kuti aukhulupirire. Bodza limakwanira ndi zinthu zitatu zimenezi, kaya lilime lagwedezeka kapena ayi. Makolo anaziona kale pomwe anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwake n'kwakuti mkuyu sudziwa zomwe zili m'kati mwake, pomwe ife tikudziwa.

Chimodzimodzi ndi kawotchi kowerengera mtunda. Kakale kakafa timagula kena, ndipo katsopanoko kamayambira pa ziro. Palibe cholakwa pamenepo. Koma wogula akakayang'ana n'kunena kuti, “Achimwene, ndiye kuti siinayende kwambiri eti?” ife n'kungomwetulira, kumwetulirako kwayankha funso lake.

Nanga zoti wogula aone yekha? Mawu amenewa akanakhala achilungamo tonse tikanakhala kuti tikudziwa mofanana. Koma ife tinaiona njingayo ili maliseche, iye akuiona itavala. Yemwe akudziwa zambiri ndiye wasenza udindo waukulu. Ndipo tisaiwale kuti wovulala nthawi zambiri sakhala wogula yekha. Kumbuyo kwake kudzakhala mayi wopita kuchipatala kapena mwana wa sukulu, anthu omwe sanakhalepo pokambirana mtengo. Njinga yamtunduwu imapita komwe kulibe galaja, komwe thandizo lili kutali. Mng'alu womwe tauphimba lero udzatseguka pamalo otsetsereka, ife tili kunyumba titadya kale ndalamazo.

Kodi ikadali njinga yomweyo?

Tinene kuti tasankha njira yovutayo, ndipo miyezi ikupita tikugula zipangizo chimodzichimodzi. Pisitoni ndi maringi n'zatsopano. Tcheni ndi masipuloketi tasintha. Masipoko, mabering'i, zingwe za kilatchi ndi buleki, zonse n'zina. Thanki yoyamba inali itabooka, ndiye tapeza ina yochokera pa DT inzake yomwe inafa kale. Zina mwa zipangizozi si za Yamaha n'komwe, ndi zopangidwa ndi makampani ena motsanzira. Wina atha kufunsa kuti, kodi mukunena zoona mukamati iyi ndi DT yakale ija?

Funso limeneli ndi lakale kuposa injini iliyonse. Plutarch, wolemba wa ku Greece yemwe anakhalako zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, anasimba za chombo cha Theseus chomwe anthu a ku Athens anachisunga kwa mibadwo yambiri. Thabwa likaola ankalichotsa n'kuikapo lina, mpaka anthu oganiza mozama anayamba kutsutsana: ena ankati chombocho ndi chomwe chija, ena ankati chasanduka china.

Aboma ali ndi yankho lawo losavuta, lakuti njinga imadziwika ndi manambala odindidwa pafulemu ndi pa injini, omwe ayenera kugwirizana ndi a m'mapepala. Koma kwa ife omwe tikufunsa za khalidwe, mkangano wa ku Athens utiphunzitsa kena kake. Anthu aja ankatha kutsutsana momasuka chifukwa palibe yemwe anawabisira kuti matabwa akusinthidwa. Onse ankadziwa zomwe zachitika, ankangosiyana pa dzina loti azitchule. Ifenso sitikakamizika kuthetsa funso lakuti njingayo ndi yomweyo kapena ayi. Chomwe tikukakamizika kuchita n'kuuza wogula zomwe tasintha, zomwe tasiya, ndi zomwe zatikanika, kuti dzinalo apereke yekha. Kapepala kamodzi kolembedwa pamanja n'kokwanira: silinda inabooledwa kamodzi, thanki ndi ya njinga ina, fulemu inawotchereredwa pansi pa chopondera chakumanja, mashokabu akumbuyo ndi otopa ndipo sitinawasinthe.

Mtengo wa kapepalako

Tisanamizane, kapepala kameneka kali ndi mtengo. Wogula wina akakawerenga adzatembenuka n'kukagula njinga yonyezimira ya mnzathu yemwe sanalembe kanthu. Wina adzagwiritsa ntchito mawu athu omwe potsitsa mtengo. Mwina m'kupita kwa nthawi mbiri yathu idzatibweretsera ogula ena, mwinanso ayi. Tikamanena zoona chifukwa choyembekezera phindu, tsiku lomwe phindulo lidzasowe tidzasiya. Chifukwa chokhalitsa n'chakuti munthu yemwe adzakwere njingayo waika moyo wake m'manja mwathu, ngakhale sakutidziwa, ndipo tinavomera kuulandira pa tsiku lomwe tinagwira sipanala.

Nthawi zina choonadi chimafuna zoposa pamenepo. Tikhoza kupeza kuti fulemu inapindika pa ngozi, moti magudumu awiriwo sayendanso pamzere umodzi. Apo ndalama ndi thukuta lathu zimatikoka kuti tipitirize, poti tawononga kale zambiri. Koma kukonza koona kumadziwanso polekera. Tingagulitse injini, magudumu ndi thanki kuti zikadzutse njinga zina, fulemuyo n'kupita kwa ogula zitsulo. Taluza, koma palibe yemwe adzagwe chifukwa cha ife.

Pali chinthu china chomwe ntchito imeneyi imachita mwa woigwira. Bauti yomwe yagwidwa ndi dzimbiri siimva ukali. Ukaikakamiza imaduka, ndipo ntchito ya mphindi zisanu imasanduka ya tsiku lonse. Umaithira mafuta, n'kuisiya igone, mawa n'kuyesanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu yemwe wazolowera kutsuka bwino malo omwe palibe adzawaone, n'kumanga moyenera nati yomwe idzabisike pansi pa thanki, akudziphunzitsa kukhala yemweyo kaya pali womuona kapena palibe. Yemwe wazolowera kuphimba mng'alu naye akudziphunzitsa, ndipo dzanja lomwe laphunzira kubisa pachitsulo silivutika kubisa m'buku la ndalama za gulu kapena pa thumba la chimanga chofumbwa.

Ambirife sitidzakonzapo njinga yamoto. Koma tonse timapereka kwa ena zinthu zomwe tikuzidziwa m'kati pomwe iwo akungoziona kunja: nyumba yobwereketsa yomwe imadontha, mbuzi yomwe inadwala mwezi watha, lipoti la ntchito yomwe siinathe bwino. Pa chilichonse mwa izi tili ndi chitini cha penti m'manja, ndipo tiyenera kudzifunsa chomwe tikupakira.

Zokambirana pagulu

1. Kodi munthu anganame osalankhula? Perekani chitsanzo cha zomwe munaonapo, osatchula dzina la munthu.

2. Pali kusiyana kotani pakati pa kukongoletsa chinthu ndi kubisa chilema chake? Tingadziwe bwanji mumtima mwathu kuti tawoloka malire?

3. Wogula akakhala wolemera kuposa wogulitsa, kodi udindo wonena zoona umachepa? Fotokozani chifukwa chake.

4. Mnzathu wapenta fulemu yong'aluka ndipo mawa akukaigulitsa. Tingamulankhule motani kuti amve, popanda kumuchititsa manyazi?

5. Tisanakumanenso mlungu wamawa, aliyense aganizire chinthu chimodzi chomwe akugulitsa, kubwereketsa kapena kupereka kwa wina, ndipo alembe kapepala kake konena zomwe wolandirayo ayenera kudziwa. Tikadzakumana tidzauzana ngati kunali kosavuta kukapereka.