Mapanga Awiri Abvumbwitsa

Makolo athu anati, "Mapanga awiri abvumbwitsa." Munthu akaona mvula irikudza, naima pakati pa mapanga awiri kulingalira loti abisalemo, amanyowa asanalowe ngakhale m'limodzi lomwe. Kodi kucedwa kotere ndi nzeru, kapena ndi mantha cabe?

Taonani mlimi wa ku Katete. Mvula yoyamba yagwa mu Novembala ndipo nthaka yafewa, koma iye sadziwa ngati abzale cimanga kapena nshawa m'munda wace wa kumtunda. Afunsa mkazi wace, afunsa amalume ace, afunsanso mlangizi. Ali cifunsire masabata atatu apita, udzu wamera, ndipo cimanga cobzala mocedwa sicibala bwino. Iye ayesa kuti sanasankhe kanthu, komatu wasankha njala.

Inenso ndinagwa m'mbuna yomweyi. Tsiku lina nkhalamba inadza ku ofesi kwathu ndi kalata ya mlandu wa munda. Sindinadziwe ngati ndiipereke kwa mkulu wanga kapena ndiitumize ku bwalo la mfumu, ndipo poopa kudzudzulidwa ndinati, "Agogo, mubwere mawa." Nkhalambayo inayenda pansi katatu kucokera kumudzi, kalata iri gone pa tebulo langa. Ndikadaitumiza kolakwika, akadaibweza msanga ndi kundilangiza koyenera. Kuzengereza kwanga kunacinjiriza ine ndekha, koma miyendo imene inalipira inali ya mwini kalata.

Kapena wina adzati, "Nanga si paja kuona maso a nkhono nkudekha?" Zoonadi. Ziripo nkhani zimene sizibwerera m'mbuyo, monga ukwati, kugulitsa ng'ombe za banja, kapena kusiya nchito. Pa zotere munthu ayenera kugona nazo ndi kufunsa akulu. Koma zambiri za tsiku ndi tsiku siziri conco, ndipo wozilemeretsa ataya nthawi yace ndi ya anzace.

Cifukwa cace, inu amene mwangotsiriza sukulu, mukaima pa mphambano dzifunseni funso limodzi ili: "Ndikalakwa, kodi ndingathe kukonza?" Ngati simungathe, dekhani. Ngati mungathe, sankhani lero lomwe, ndipo mukalakwa bvomerani osanamizira wina. Wolowa m'phanga lodontha angathe kusamukira m'linzace. Koma woima pabwalo mvula yonse ithera pa iye.