Kodi kalulu akufunanji pa Pasaka?

Amayi anzanga mwa Ambuye, mdzukulu wanga wa ku Mzuzu anabwera kudzadya Pasaka kuno ku Kaseye atanyamula kalulu wa chokoleti. Anandifunsa kuti, "Agogo, kodi kalulu analipo kumanda kwa Yesu?" Ndinaseka, koma yankho linandisowa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi n'koyenera kupatsa ana athu zizindikiro zimene ifeyo sitikudziwa kumene zinachokera?

Mwanawankhosa ndi wa m'Malemba. Pa Eksodo 12 timamva kuti Aisraele anapaka magazi ake pamphuthu za zitseko usiku wotuluka mu Ejipito. Ngakhale mawu akuti Pasaka anachokera ku Chiheberi, ndipo amakumbutsa za usiku umenewo.

Dzira linabwera ndi mwambo wa Mpingo. Kale Akhristu a ku Ulaya sankadya mazira m'masiku 40 a Lenti. Nkhuku zinkaikirabe, choncho pa Pasaka mazira ankakhala ambiri ndipo anthu ankagawana. Chigoba chikasweka chimatikumbutsa manda otseguka. Akhristu a Orthodox amawanyika m'utoto wofiira pokumbukira magazi a Ambuye.

Kalulu ndiye mlendo. Nkhani yoti amabweretsera ana mazira inalembedwa ku Germany m'chaka cha 1682. Kumeneko Pasaka imafika chisanu chikutha, mitengo ikuphuka, nyama zikuswana. Kwathu kuno kalulu timamudziwa m'nthano ngati kamberembere wochenjeretsa anzake. Mwana akamuona pa Pasaka aphunzirapo chiyani?

Sindikunena kuti chokoleti ndi tchimo ayi. Cholakwa n'chakuti mayi akongole ndalama kugula kalulu pamene sangathe kufotokozera mwana wake za kandulo ya Pasaka. Usiku wa Loweruka Loyera timayatsa moto watsopano, ndipo aliyense amayatsira kandulo yake kwa mnzake. Si momwe timapalirana moto pamudzi kodi? Wopereka moto wake suchepa.

Komanso tayang'anani kumunda. Pasaka imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, mvula ikupita kumapeto. Mbewu imene tinaikwirira m'nthaka mu Disembala yasanduka mondokwa ndi maungu. Ambuye mwini anadzifanizira ndi mbewu yotere pa Yohane 12:24.

Mdzukulu wanga akabweranso ndidzamutenga kumunda m'mamawa wa Pasaka, tikathyole chimanga limodzi, ndimuuze za manda opanda kanthu. Kalulu wakeyo adzadye pobwera. Inu mudzawaonetsa chiyani ana anu chaka chino?