Mkangano wa pamunda umene unafika pa chingwe

Mu 2009, amayi ena ankathyola zipatso m'munda m'chigawo cha Punjab ku Pakistan. Mmodzi wa iwo, Asia Bibi, anali Mkhristu, ndipo atamwa madzi anzake achisilamu anati wadetsa chikho. Anayankhana zopweteka. Pasanathe masiku ambiri mayiyu anamangidwa pa mlandu wonyoza Mneneri Muhammad, ndipo mu 2010 khoti linagamula kuti anyongedwe potsatira ndime 295-C ya malamulo a dzikolo, imene inakhazikitsidwa mu 1986 pa ulamuliro wa Zia ul-Haq.

Amene amaikira kumbuyo malamulo otere sali opanda mfundo. Kunyozeredwa chimene munthu amachigwadira kumawawa kuposa kutukwanidwa mtundu, ndipo iwo amati boma likapanda kulanga wonyozayo, anthu adzamulanga okha ndi miyala.

Koma ku Pakistan mkwiyo sunazizire chifukwa choti lamulo lilipo. Bwanamkubwa wa Punjab, Salman Taseer, atangonena kuti mayiyu akhululukidwe, anawomberedwa ndi wapolisi womulondera yemwe mu Januwale 2011. Patatha miyezi iwiri, nduna yoona za zipembedzo zazing'ono, Shahbaz Bhatti, nayenso anaphedwa. Boma likalemba kuti mawu ena ndi oyenera imfa, wopsa mtima amangodziona ngati akufulumizitsa chigamulo.

Vuto lina ndi umboni. Mlandu wakuba umafuna mbuzi yobedwayo, pomwe wonyoza chipembedzo umangofuna pakamwa pa mboni, ndipo mboniyo nthawi zina imaopa kubwereza mawuwo m'khoti kuti nayo ingachimwe. Mnansi amene mukulimbirana malire a munda apezerenji loya pamene njira yachidule ilipo? Khoti Lalikulu litamasula Asia Bibi mu 2018, linati maumboni a omuneneza ankatsutsana. Apo n'kuti atatha zaka zoposa zisanu ndi zitatu m'ndende, ndipo mu 2019 anathawira ku Canada.

Wotentha tchalitchi kapena mzikiti, ngakhale wolimbikitsa anthu kukamenya a chipembedzo china, ameneyo ndende ikumuyenera, chifukwa pali munthu amene wavulazidwa. Wongolankhula zopusa ayankhidwe ndi alaliki ndi mashehe, amene sasowa mawu.

Chodabwitsa n'chakuti muzu wa malamulowa ku Pakistan ndi buku la milandu limene Angerezi analembera India mu 1860. Malawi nayo inatengera kwa atsamunda omwewo ndime yolanga mawu opweteka mitima ya opembedza. Eni ake ku England anafafaniza mlandu wonyoza Mulungu mu 2008.