Samuele Anamva Kuitana, Eli Anamuthandiza Kuzindikira

Lamulungu Lachiwiri la pa Chaka (B): 1 Samuele 3:3-10, 19, Yohane 1:35-42

Mawu oyamba a Misa ya lero akunena za mnyamata Samuele amene ankagona m'Nyumba ya Chauta ku Silo. Katatu konse anamva kuitana usiku, ndipo katatu konse anathamangira kwa wansembe Eli poganiza kuti ndiye ankamuitana. Makutu a Samuele anali akuthwa, mtima wake unali wokonzeka, koma mwini mawuwo sankamudziwa. Eli, nkhalamba ya maso ofooka, ndiye anazindikira kuti ndi Mulungu, namuuza mnyamatayo momwe ayankhire. Mu Mthenga Wabwino namonso, Yohane Mbatizi akulozera ophunzira ake kwa Yesu, ndipo Andrea akutengera mbale wake Simoni kwa Ambuye. Mulungu amaitana yekha, koma kawirikawiri amatuma munthu woti aperekeze woitanidwayo.

M'parishi muno muli a Samuele ambiri. Ndi anyamata ndi atsikana a ku sekondale amene Mulungu anawapatsa nzeru zapadera: wina masamu amangowamwa ngati madzi, wina amakonza wailesi ya kunyumba osaphunzitsidwa, wina amalemba chimangirizo chimene aphunzitsi amawerengera kalasi yonse. Koma nzeru zokha sizionetsa njira. Pofika Fomu 3 mwana amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE, ndipo amene akufuna udokotala ku KUHeS kapena uinjiniya ku MUBAS akasiya Physics kapena Chemistry, wadzitsekera khomo asanadziwe. Ngakhale wopeza mapointi 6 akhoza kusankha molakwika pofunsira malo ku yunivesite, chifukwa sanaonepo ndi maso ake ntchito imene akuilakalaka. Paja m'mera mpoyamba.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ikuonetsa zimenezi. Anasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002 chifukwa chosowa fizi, koma powerenga buku la m'laibulale anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zaka zinapita makinawo akuzungulira kumudzi, mwini wake ali pakhomo. Zinthu zinasintha mu 2006 pamene Dr. Hartford Mchazime anapita kukaona, naitana atolankhani, nathandiza kuti mnyamatayo abwerere kusukulu. Mu 2014 William anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Luso linalipo kale. Chimene chinkasowa ndi Eli.

Mpingo sunayambe lero ntchito imeneyi. Yohane Bosco Woyera, amene chikondwerero chake chimakhala pa 31 Januwale, ankayenda m'mashopu a amisiri mumzinda wa Turin kupezera anyamata malo ophunzirira ntchito. Ankasainirana mapangano ndi mabwana kuti mnyamata aphunzitsidwedi ntchitoyo, asamenyedwe, alipidwe, ndiponso apume Lamulungu. Kenaka ankabweranso kudzaona ngati panganolo likusungidwa.

M'mabenchi a tchalitchi lino mumakhala anamwino, maloya, akaunti, amakaniko, aphunzitsi, akatswiri a makompyuta ndi amabizinesi. Kukhala mlangizi wa mwana waluso sikufuna ndalama zambiri. Kumafuna kukumana naye kamodzi pa mwezi, kuona lipoti lake la kusukulu, kumuuza zoona za ntchitoyo, zokoma ndi zowawa zomwe, kumutengera kuntchito tsiku limodzi pa holide ngati malamulo akulola, ndi kumuthandiza kulemba mafomu. Koposa zonse, kumafuna kumuonetsa kuti Mkhristu angathe kugwira ntchito popanda katangale.

Chenjezo lilipo. Eli sanadziike m'malo mwa Mulungu. Anabweza Samuele kukagona kuti akamve yekha. Mlangizi wabwino sakakamiza mwana kutsata ntchito yake, ndipo samusandutsa wantchito wapakhomo kapena chitsanzo chodzitamira nacho. Amene amabisala m'dzina la kuthandiza kuti anyengerere mtsikana kapena mnyamata, akuchita tchimo lalikulu ndiponso mlandu pamaso pa malamulo a dziko. Choncho makolo azidziwa zonse, misonkhano izichitikira poyera, ndipo Bambo Mfumu ndi atsogoleri a Mphakati azimudziwa mlangizi aliyense. Eli yemweyo analephera kulanga ana ake Hofeni ndi Finehasi; wolangiza ana a anzake asaiwale a m'nyumba mwake.

Achinyamata nawonso ali ndi gawo lawo. Samuele anadzuka katatu osanyinyirika, ndipo anamvera munthu wokalamba. Mwana wanzeru amene amadziona ngati wadziwa kale zonse sapita patali. Safunsa anadya phula.

Sabata ino, pa msonkhano wa Mphakati, Akhristu atchule ana a m'dera lawo amene ali ndi luso koma alibe wowatsogolera, makamaka amasiye ndi ochokera m'mabanja osauka. Aliyense wodziwa ntchito adzifunse kuti angaperekeze ndani, ndipo akaonane ndi Bambo Mfumu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mulungu amene anaitana Samuele atsekule makutu a achinyamata, ndipo apatse akuluakulu mtima wa Eli wowathandiza kuyankha. Amen.